Majuzi pa sikelo

Chaka chotsatira referendamu ndinalembedwa ntchito pa kafukufuku wa madokotala ofuna kudziwa chimene chinkanyentcheretsa ana a kumapiri kuno. Ndinkapalasa njinga m'midzi ya ku Bembeke, sikelo ili pa kaliyala, n'kumalemba kulemera kwa mwana aliyense. Mvula ndi dzuwa zinathera pamsana panga, ndipo ndinkadziuza kuti lipoti likadzatuluka, dzina langa lidzakhala pachikuto.

Kumapeto kunabwera mayi wina wachitsikana, katswiri wa ziwerengero, atanyamula kompyuta. M'mudzi sanapondemo. Anakhala masiku atatu mu ofesi akuotha mbaula, madokotala akuwazungulira. Lamulungu lake ku Misa tinamva za antchito olembedwa madzulo amene analandira mofanana ndi olawirira, ndipo mumtima ndinaima ndi odandaulawo.

Lolemba mayi aja anandiitanira pambali.

"Bambo, ana a m'midzi yanu yokha amanenepa mu Juni. Kodi kwanuko amadya chisanu?"

"Mayi, ine sindilemba bodza. Ndimatsogolera mapemphero kumphakati."

"Sindinati bodza. Poyeza mumawavula?"

Sindinkawavula. Ndani angavule khanda mu Juni ku Bembeke, chifunga chitaphimba phiri? Amayi awo ankakana, ine n'kuwamvera chisoni, n'kumapachika ana pa sikelo ali ndi majuzi, zipewa, mwinanso kabulangete komwe. Sikelo yonyenga imene Ambuye amanyansidwa nayo ndinaipanga ndi chifundo changa chomwe.

Ndinayembekeza kunyozedwa. Iwo anangoti, "Kabwerekeni majuzi a ana, tiwayeze okha, tichotsere." Tinayeza tsiku lonse, iwo akuseka, ine mano ali gwa. Kwa madokotala anafotokoza zonse osabisa, n'kuwonjezera kuti popanda ine sakanadziwa za majuziwo.

Lipoti linabwera patapita chaka. Dzina la mayi aja linali lachiwiri pachikuto. Langa linali patsamba lomaliza, pa othokozedwa, pansi pa la dalaivala.

Ndinakaulula nsanje yanga kwa bambo mfumu a parishi yathu. Anandifunsa ngati mayiwo anandilakwira. Ndinati ayi, ndipo chimenecho ndicho chinkandiwotcha kwambiri: akanakhala onyada ndikanadana nawo mtima uli m'malo.

"Muziwapempherera mwezi wathunthu," anatero bambo mfumu, "motchula dzina. Mukulikumbukira?"

Ndinkalikumbukira, mpaka chilembo chapakati. Ndinali nditaliwerenga pachikuto paja kambirimbiri, n'kumaliphimba ndi chala, kuyesa kuona mmene langa likanakhalira pamenepo.