Njanji ya Kuseri kwa Nkhokwe

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kutaya malume anga chifukwa cha sitima imene kulibe.

Inu amene mukuwerenga muli kutali, dziwani kuti kuno ku Angonia kulibe njanji. Kachewere wathu amatsika mapiri pa malole, ndipo wofuna kuona utsi wa sitima ayenera kukafika ku Moatize. Koma kuseri kwa nkhokwe ya malume anga, a Bonifasiyo, kuno ku Lifidzi, njanji iliko. Ili ndi masiteshoni ake, mphambano zake ndi nyali zake. Yonseyo ili pa dothi.

Malume anathera unyamata wawo ku migodi ya ku Joni. Ntchito yawo inali kukhala kumbuyo kwa kasitima kokoka ngolo za miyala pansi pa nthaka, wezulo kukamwa, maso pa nyali. Mnzawo, a Gervaziyo, anali woyala njanji. Onse awiri anabwerako ndi jekete, chifuwa chosamva mankhwala, ndi nthenda ina imene a chipatala saidziwa: kukonda sitima za pansi.

Lamulungu lililonse Misa ikatha, anzawo akamalunjika kumene kuli mowa, iwo amavula majekete n'kugwada kuseri kuja. Njanji ndi mapesi a chimanga ong'amba pakati. Masiteshoni ndi mapale. Sitima ndi zitini za nsomba za sardinya zomangirira ndi luzi. Nyemba yofiira ndi nyali yoti ima, nsawawa ndi nyali yoti pita. Pa mtengo wa pichesi anapachikapo khasu lakutha, limene ankaliomba ndi chitsulo potsanzira belu la mumgodi. Kaombedwe kena kakuti chikepe chitsike, kena kakuti chikwere, kena kakuti kwachitika ngozi.

Ndipo pali lamulo. Nyemba yofiira ikakhala panjanji, palibe woponda, palibe wodumpha. Nkhuku imagendedwa. Mwana amakokedwa khutu. Ansembe enieniwo tsiku lina anazungulira nkhokwe yonse kuti akapereke moni.

Ine zimenezi zimandipsetsa mtima, ndipo sindibisa. Anandichotsa pa sukulu ya ku mishoni chifukwa choyankha aporofesa. Ndinatsala ndi Chipwitikizi chokwanira kuwerenga zikwangwani za pa zitseko zimene sindiloledwa kulowa. Ndiye ndizikhala pakhonde wopanda ntchito, ndikuona amuna a imvi akukwawa m'fumbi, akukangana za nyali ya m'dzenje la eni ake? Mgodi unawadya mapapo, iwo akuuumbira chifanizo ngati woyera wa m'tchalitchi.

Tsono Lachiwiri dzuwa lili pamutu, jipi inaima pabwalo. Munatsika shefi wa posto, mkulu wa ofesi ya boma ya dera lino, mzungu wa maso otopa, ndi supayi wake, msilikali wa pa ofesipo, bambo wamkulu wa konkuno amene dzina lake sindilitchula. Dzina la posto nalonso sinditchula. Ndine wamwano, koma si chitsiru.

Nkhani yake inali iyi. Munthu wina anakanena ku posto kuti kwa a Bonifasiyo kuli mapu a njanji ya ku Moatize, ndipo kuti Lamulungu lililonse kumaombedwa chitsulo choitana anyamata a m'tchire omenyana ndi boma.

Kodi ndikufotokozereni tanthauzo la mlandu wotere masiku ano? Nonse mumamva za mabomba amene akuphulika pa njanji ya kumunsi kuja. Nonse mukudziwa kuti wokwera jipi pa nkhani ngati imeneyi, akachita mwayi amabwerako manja atatupa ndi mbalamatodya, thabwa lomenyera m'zikhatho. Akapanda mwayi sabwerako. Akazi a malume, a Naphiri, anamvetsa msanga. Analowa m'nyumba n'kuyamba kumanga bulangete ndi chimanga chokazinga.

A Gervaziyo anakatengedwa kudimba, matope ali m'miyendo. Ine shefi anandiloza ndi chibwano kuti ndizimasulira.

Tikuzungulira nkhokwe ndinawanong'oneza malume kuti anene kuti ndi masewera a adzukulu. Bodza lake laling'ono, losavuta, loti ngakhale mwana angalinyamule. Iwo anandiyang'ana ngati ndawatukwanira mayi awo.

Supayi uja anatsogola kuti aone bwino. Nsapato yake inatera pa phesi, pafupi ndi nyemba imene inatsalapo kuyambira Lamulungu.

"Chotsani phazi, bambo," anatero malume. "Nyali ili yofiira."

Munthu wabwera kudzakugwira, iwe ukumulamula?

Koma supayi anachotsa phazi. Analichotsa msanga, ngati waponda khala la moto, asanaganize n'komwe. Ndinaziona, koma nthawi imeneyo sindinamvetse.

Shefi anafunsa kuti chimenechi ndi chiyani. Apa ndiye panali vuto lonse. Kwa zaka zambiri palibe munthu anawafunsapo malume funso limeneli. Ife a pabanja timathawa akangoyamba. Tsono lero wapezeka munthu, mzungu, wabwera pa galimoto, akufuna kumva zonse. Nkhope ya malume inawala ngati pa tsiku la ukwati. Anagwada, nayamba: apa ndi pamene ngolo zimadzazidwa, apa sitima ziwiri zimapatukirana, apa woyendetsa amadikira wezulo. Anadzuka n'kukaomba khasu lija kuti shefi amve kusiyana kwa kutsika ndi kukwera. Ine ndikumasulira, thukuta likuyenderera kumsana.

Kenaka shefi anafunsa mofatsa kuti ndi pati pamene sitima ingagwe.

Mwana wa zaka zochepa akanaona msampha umenewo. Malume sanauone. Analoza pamphambano mosangalala n'kunena kuti apa, munthu akangosiyapo mwala umodzi, ngolo zonse zimagubuduka ndipo njira imatsekeka tsiku lonse.

Ndinaima ndi mawu amenewo m'kamwa. Ndikawanena momwe alili, malume akwera jipi. Ndikawasintha, supayi amamva zilankhulo zonse ziwiri, ndipo jipi ili ndi malo a anthu ambiri. Ndinamuuza shefi kuti akuti apa pamafunika kuyenda pang'onopang'ono. Ndinatembenukira kwa supayi kuti ndione ngati andipereke. Iye sanali kundiyang'ana n'komwe. Maso ake anali pa nyemba.

Amene anatsegula pakamwa ndi a Gervaziyo. Anati a Bonifasiyo akunama. Njanji anayala ndi iwo, ndi manja awowa, ndipo pamphambano yoyalidwa bwino sitima siigwa. Imagwa pokhota, pafupi ndi siteshoni ya chikepe, chifukwa cha anthu a wezulo amene amaodzera kumbuyo. Malume anati woodzera ndi amene ankasiya misomali yosakhoma. Anayamba kulozana zala. Ndimati awa aiwala kuti pali jipi? Anali ataiwaladi.

Shefi anakweza mawu, nafunsa kuti mlatho uli pati, ndipo Moatize ndi phale liti. Nditamasulira, malume anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapeza mpweya anandifunsa ngati bwanayu anaonapo mlatho pansi pa nthaka.

Ndipamene supayi analankhula.

"Nonse awiri simudziwa kanthu. Nyali ingakhale bwanji kuseri kwa mphambano? Woyendetsa aione atalowa kale? Imakhala kuno."

Anagwada, yunifolomu ya boma m'fumbi, n'kusuntha nyemba ija. Munthuyu asanavale kaki anali ku Joni nayenso, ndipo ankayendetsa kasitimako. Malume anaibweza nyemba. Supayi anaisunthanso. A Gervaziyo anaitola n'kuiika pena. Posakhalitsa onse atatu ankakalipirana m'chilankhulo chawo cha kumgodi, chimene ine ndimachimva mwa apo ndi apo koma shefi sachimva.

M'kukangana momwemo ndinatolamo chinthu chimene kwa zaka zonsezi sindinkachidziwa. Malume ndi a Gervaziyo sanagwire pa mgodi umodzi. Supayi anali pa wina wachitatu. Chimene chili kuseri kwa nkhokwe yathu ndi migodi yosiyana yosokedwa pamodzi ngati zigamba, ndipo malo amenewo kulibe pa dziko lonse lapansi, pamwamba kapena pansi. Mawu amenewa ndinamasulira onse, mokweza, osasiyako ngakhale limodzi.

Shefi anakhala pa mtondo wa a Naphiri n'kuyatsa fodya. Anawaonerera nthawi ndithu. Kenaka anaitana supayi wake, namufunsa kuti anene zoona. Supayi anaimirira njo, mawondo ali mbuu, nati: Sinyoro, uwu ndi mgodi wa ku Joni, ndipo anaumanga molakwika.

Shefi sanaseke, koma phewa lake linatsika. Anati kwawo nakonso, mu mzinda waukulu, sitima zimayenda pansi pa misewu, ndipo iye anakwerapo kambiri. Malume anasendera pafupi. Anafuna kudziwa kuti nyali zake zimakhala mbali iti ya njanji, kumanja kapena kumanzere. Shefi anati sanayang'anepo.

"Munthu kukwera sitima ya pansi osayang'ana nyali," anatero malume mwachisoni. "Muuze kuti anangotaya ulendo."

Amenewanso sindinamasulire.

Shefi analamula kuti khasu lichotsedwe pa mtengo, ndipo anati akadzamvanso chitsulo chikulira m'mudzi muno sadzabwera kudzafunsa mafunso. Supayi analiponya kumbuyo kwa jipi. Khasu linakwera. Malume anatsala.

Fumbi la jipi litatha, a Naphiri anatuluka ndi bulangete lija, nalimasula, naliyanika pa chingwe, nayamba kulikuntha ndi ndodo. Linalibe fumbi. Analikuntha mpaka mkono unatopa. Ine ndinangokhala pansi pomwepo. Ndinakhalira phale. Malume anandikalipira kuti ndaswa siteshoni.

Ndikunena zoona, chikhalire sindinamvepo kukalipira kokoma chotero.

Musaganize kuti ndatembenuka mtima. Mgodi ndimadana nawo monga kale. Yendani m'midzi yathuyi m'mawa wa chisanu mumve amuna akutsokomola m'nyumba, kenaka mubwere mudzandiuze za kukoma kwa ku Joni. Amuna athu akumba pansi pa dziko la eni, ayala njanji zimene ana awo sadzaziona, pamene kwawo kuno msewu wa ku Vila Coutinho mvula ikagwa umasanduka phala.

Koma madzulo a Lachiwiri lomwelo, tikukonola chimanga, ndinawafunsa malume kuti chimene amakondera dzenje limene linawapha mapapo n'chiyani. Anayankha osandiyang'ana. Anati pansi paja nyali yofiira ikayaka, aliyense amaima. Wa wezulo amaima, woyendetsa amaima, kapitawo wachizungu amaima. Anati m'moyo wawo wonse, ndi malo okhawo amene anaonako lamulo loimitsa anthu onse mofanana.

Ndinangopitiriza kukonola, ine amene anandichotsa sukulu chifukwa cha kuyankha.

Ndi misala, inde. Koma ndi misala yopha yani? Ena amakonda nkhunda, ena bawo, ena amadziwa nambala ya lole iliyonse yodutsa pa malire a Kalomwe ngakhale alibe ndi njinga yomwe. Munthu amene moyo wamulanda zambiri amagwira kanthu kamodzi n'kukadziwa mpaka ku mizu, kuti pakhale pena pamene iye ndi mwini. Kale wotere tinkangomuseka. Lero timakamunenera.

Imeneyi ndiyo nthenda imene yatilowa, ndipo ndi yoipa kuposa chifuwa. Tikaona chimene sitikuchimvetsa kwa mnzathu, sitifunsanso. Timavala nsapato n'kulunjika ku posto. Mpanda wa malume ndi wa udzu, ufika m'chiuno. Munthu amene anaona mapesi aja anawaona ataima pomwepo. Akanangoti, a Bonifasiyo, ichi n'chiyani? Chilango chake chikanakhala kumvera nkhani za chikepe mpaka dzuwa kulowa. M'malo mwake anasankha ulendo wautali, wokapereka munthu amene amagwada naye pa benchi imodzi m'tchalitchi.

Ndipo tisanamizane. Malume sanapulumuke chifukwa choti anali osalakwa. Osalakwa angati akwera jipi imeneyo? Anapulumuka chifukwa supayi wa tsikulo anali munthu amene phazi lake limamvabe nyali yofiira. Akanabwera wina, a Naphiri bwenzi akugona okha, ndipo ine bwenzi ndikulemba zina, kapena osalemba n'komwe.

Lamulungu likubwerali sitima iyenda. Khasu palibe, choncho malume akhala akuyeserera kuliza belu ndi pakamwa, ndipo agalu a m'mudzi sakukondwa nazo. Phale latsopano ndalipeza ndine, poti ndine ndinaswa. Supayi uja watumiza uthenga kuti abwera wopanda kaki, ndi nsawawa zakezake, kudzathetsa nkhani ya mphambano.

Tsono inu amene munakanena ku posto, ndikudziwa kuti mukuwerenga, kapena wina akukuwerengerani. Munkafuna kudziwa chimene chimachitika kuseri kwa nkhokwe ya a Bonifasiyo. Bwerani Misa ikatha. Palibe amene akufunseni kanthu, malo okhala alipo, ndipo malume adzakufotokozerani zonse mpaka makutu atawawa.

Koma poloweramo muyang'ane pansi. Nyemba ikakhala yofiira, mudzaime. Kodi kuima kumeneko mungakuthe?