Zilipano, Galu wa a Kalisto

A Kalisto, alamu anga, akhala akulima manachesi ku Matandani kuyambira ine ndisanamere ndevu. Ntchito amaitha, koma ndi munthu wotengeka: akamva chinthu pamsika lero, mawa achichita.

Anali ndi galu dzina lake Zilipano, amene pa ulonda anali wachabechabe. Wakuba akalowa m'munda, iye ankamugwedezera mchira, mwinanso kumuperekeza. Pamsika wa pa Boma tinkawaseka kuti, "Kodi galu wanuyo ndi mkulu wa mpingo eti?"

Ndiye ine, ndi pakamwa pangapa, ndinawauza zimene ndinamva kwa alenje, zoti pali chomera cha maluwa achikasu chimene ukasinja muzu wake n'kusakaniza ndi madeya, galu amalusa ngati nyalugwe. Chomeracho ndinali ndisanachionepo ndi maso. A Kalisto anapita kudambo n'kukakumba chimene iwo ankaganiza kuti n'chomwecho, n'kumudyetsa galuyo.

Dzuwa lisanapendeke, Zilipano anayamba kunjenjemera, thovu lili kukamwa, akati adzuke n'kugwanso. Anamumwetsa mkaka koma sizinathandize. Anafa akugwedezabe mchira, maso ali pa mbuye wake.

Akazi awo, a Stelia, amene ndi achemwali anga, atafunsa, a Kalisto anangoti, "Wina wamuthirira chiphe."

A Stelia anakumbukira kuti a Mailesi, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo, anadandaulapo kuti galuyo akuwadyera mazira. Mlandu unathera pomwepo. Moni anatha, ndipo nkhani inafika pamjigo mpaka kutchalitchi, moti amayi anzawo anasiya kulandira chakudya cha m'manja mwa a Mailesi. Ine ndi a Kalisto tinabisa zoona chifukwa cha manyazi.

Patatha miyezi isanu, ine ndilipo, a Mailesi anafika ndi kamwana ka galu m'dengu.

"Galu wanu sindinaphe ine," anatero. "Koma ndikuona bambowa akuwonda nacho chisoni. Tengani aka."

A Mailesi atatembenuka, a Stelia anati, "Mwaona? Wosalakwa sapepesa."

A Kalisto anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Tsiku lonena zoona linali limenelo, ndipo tinalitaya tikuona. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Kagaluko kanakula, ndipo n'kolusa popanda mankhwala alionse. M'mawa uliwonse kamauwa a Mailesi akamadutsa okhaokha kupita kumjigo.