Zithunzi ziwiri za fomu imodzi

Chifuwa chinayamba mu Meyi 1986, chisanu chitangolowa kwathu ku Unit G, m'tauni ya Chitungwiza. Ndinali nditakhoza mayeso omaliza a unamwino, ndipo chotsala chinali kulembetsa dzina m'kaundula wa anamwino ku Harare. Popanda kulembetsa, palibe chipatala chikanandilola ngakhale kubaya munthu jakisoni.

Fomu yake inkafuna zambiri: satifiketi ya kubadwa, zithunzi, kalata ya apolisi yoti sindinapalamulepo mlandu, ndi siginecha ya dokotala yoti ndili bwino m'thupi. Kwa ife ana a anthu ochokera ku Malawi, mzere uliwonse unkatalika kawiri. Bambo anga, omwe anali atapuma ntchito ya ukhuki, anandiperekeza maulendo atatu kukafotokoza kumene anabadwira. Mu Juni apolisi anandidinda zala, n'kundichenjeza kuti kalata yawo ikakhalitsa imatha mphamvu.

Ndiye ndinachita chopusa cha anamwino okhaokha. Ndinadziyeza ndekha, n'kudzipatsa ndekha mankhwala. Thukuta lonyowetsa zofunda ndinkati ndi mabulangete. Siketi itayamba kukhwepa ndinkati ndi kuima pamizere. Zizindikiro zonsezi ndinazilemba pa mayeso n'kukhoza, komatu ndinkaopa kuti dokotala akamva chifuwacho sasaina. Choncho ndinkamwa mankhwala a m'botolo, eti ndikayezedwa chikachepa.

Mu Ogasiti ndinalavula magazi m'basi ya ku tauni, fomu ili m'chikwama. Bambo atamva, sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, fomu ikang'ambika ukatenga ina. Nanga mapapo? Tiye."

Kuchipatala ananditenga makhololo masiku atatu, n'kundijambula pachifuwa. Chinali chifuwa chachikulu. Sisita wa kuwodi anali yemwe anandiphunzitsa kuyala bedi chaka choyamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa m'Chishona, "Wakanyararirei?" Ndiko kuti, ndinakhaliranji chete? Manyazi anandiwawa kuposa nthiti.

Ndinagona m'wodi miyezi iwiri. M'mawa uliwonse jakisoni, mpaka matako analimba ngati thabwa. Kenako mapiritsi odzaza dzanja, phala, ndi kudikira dokotala amene ankadutsa ngati akuthawa mvula. Lolemba lililonse sikelo. Makutu ankalira, miyendo inkalemera, ndipo ndinatopa, anthuni, kutopa koti ngakhale kupemphera ndinkasiyira pakati. Anzanga a m'kalasi ankadutsa pakhonde atavala zoyera, ine n'kutembenukira kukhoma. Bambo nawo anayezedwa, chifukwa ndinawatsokomolera m'nyumba miyezi itatu. Anapezeka alibe, koma sabata yodikira zotsatira zawo sindidzaiiwala.

Nditatuluka ndinapitiriza mapiritsi pafupifupi chaka. Dokotala atasaina fomu, kalata ya apolisi inali itatha mphamvu kalekale. Ndinayambiranso: mzere, inki ku zala, kudikira, kubwera mawa. Nditafika nazo zonse ku ofesi yolembetsa, kalaliki anayang'ana zithunzi zanga zakale zija, n'kundiyang'ana ine.

"Sisi, uyu ndi m'bale wanu? Tikufuna zithunzi zanu."

Sankanyoza ayi. Mtsikana wa pachithunzipo anali ndi masaya. Ndinatuluka osatsutsa, n'kukajambulitsa zina.

Dzina langa linalowa m'kaundula kumapeto kwa 1987, chaka ndi theka anzanga atayamba kale ntchito. Ndinkaganiza kuti ndidzalumpha ndi chimwemwe, koma ndinangokhala pa benchi panja, mpaka mpweya utabwerera.

Lero ndili bwino, ngakhale masitepe amandipumitsa ndipo khutu lakumanzere silimva bwinobwino. Ndimagwira ntchito pa kiliniki ina kuno ku Chitungwiza. Chifuwa chikapitirira masabata awiri kapena atatu, chonde pitani mukayezetse, musadikire kuti mapepala athe kaye. Wodwala akandiuza kuti abwera akamaliza zakutizakuti, sindilimbana naye. Ndimatulutsa zithunzi ziwiri m'thumba la yunifolomu, chakale chija ndi chomwe ndinajambulitsa nditadwala, n'kuziika patebulo. Ndimamuuza kuti onsewo ndine, ndipo wopanda masayayo ndi amene anadikira.