Mabatani, sizasi ndi mutu wanga

Tsiku lina mwera utalimba, lata linachoka padenga la sitolo n'kundimenya kumutu ndili pakhonde pomwe ndimasokera zovala pa Chintheche. Bala linali laling'ono ndipo linapola msanga. Koma nditabwerera pamakina, singano ikamakwera ndi kutsika, khonde lonse linkazungulira. Minibasi ikaliza hutala, mutu unkachita ngati ukung'ambika. Kenako ndinawononga nsalu ya mayi wina wa kwaya, ndinadula manja awiri a mbali imodzi. Ndinavindikira makina, ndinapita kunyumba ndikulira.

Amuna anga ananditengera kuchipatala, ndipo kumeneko ananditumiza kwa mayi wina wa pachipatalapo, wochokera ku Zomba, amene amathandiza ovulala kubwerera ku ntchito zawo.

"Ine mapiritsi ndilibe, mayi," anatero. "Ubongo wanu unagwedezeka, ukufuna kuzolowera pang'onopang'ono. Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndinali telala."

"Mukadali telala. Lachinayi mubwere ndi mabatani ndi sizasi."

Lachinayilo anakhuthulira mabatani onse m'mbale, nati ndisankhe oyera okhaokha. Ndinakhumudwa. Ine wosoka madiresi a ukwati, kundipatsa masewera a ana? Koma ndisanafike pakati maso anayamba kuwawa, thukuta lili kamukamu.

"Lekezani pomwepo," anatero mayiyo. "Musamadikire kuti mutu uwawe. Muzipuma usanayambe."

Tinapitiriza motero masabata angapo. Mabatani atatheka, ndinayamba kudula nyuzipepala zakale motsata mzere wa choko. Anandiphunzitsa kulemba miyeso papepala ndi kuchonga chidutswa chilichonse ndikadula, ine amene kale ndinkasunga zonse m'mutu. Tsiku lina anabwera yekha pakhonde panga, anayang'ana msewu ndi dzuwa lomwe linkathwanima pa magalimoto, nandiuza kuti nditembenuze makina ayang'ane kukhoma. Anzanga ogulitsa usipa anaseka, amati ndakwiyira makasitomala.

Chovala choyamba kumaliza chinali yunifolomu ya mwana wa sukulu. Inanditengera masiku atatu, ntchito ya m'mawa umodzi. Mayi wa kwaya uja ataiona itapachikidwa anaitembenuza, anayang'ana msoko wake, ndipo mawa lake anabweretsa nsalu ina.

Mpaka pano masana ndimalowa m'sitolo, ndimakhala pa thumba la mchere n'kutsinzina pang'ono. Mwini sitoloyo amachepetsa wailesi ndisanamupemphe.