Anandipatsa Hanki Munthu Asanafe

Anzanga, ine ndi iyeyu tinakumana chifukwa cha foni yosweka galasi.

Ankakonza mafoni m'kashopu kothina, pakati pa telala ndi wogulitsa nsapato. Aliyense ankangomuti Magalasi, poti ankavala magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Atayatsa foni yanga anaona chithunzi chimene ndinaika pamwamba, mnyamata wachipsera patsaya wa mu anime, makatuni a ku Japan aja.

"Chemwali, anthu onse amakonda ngwazi. Inu mwasankha bwanji woluzayu?"

Ndinamuyankha kuti woluzayo ndi amene amalimbikira. Tinatsutsana mpaka makasitomala anayamba kung'ung'udza kumbuyo kwanga. Foni anakonza, nambala anatenga...

Anime imeneyi ndi ya anyamata awiri ophunzira lupanga kwa mphunzitsi mmodzi. Wina, tinkamuti Wamoto, zonse zimangomuyendera. Mnzakeyo, Wachipsera, amalawirira kuposa iye, amakhetsa thukuta kuposa iye, koma akamenyana wogwa amakhala yemweyo.

Ine moyo umenewo ndimaudziwa. Ndinakulira nyumba imodzi ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, amene pakhomo timamutcha Nambalawani. Kusukulu iye woyamba, ine wachiwiri. Diresi likamuchepera ndiye linkakhala langa. Sitinkadana ayi, mpaka pano timagona chipinda chimodzi, koma alendo akabwera amayamba afunsa za iye.

Vuto la Magalasi linali maso. Tsiku lonse kupenyetsetsa timawaya ta m'foni, ndiye ma subtitle, mawu olembedwa m'munsi mwa kanema aja, ankangomuvinira, misozi chuchuchu. Ankafuna tiziwonera ya dub, ija anthu ena anaikamo mawu awo a Chingerezi. Ine ndinakanitsitsa. Mu dub Wachipsera akamalira amamveka ngati akulengeza zanyengo pa wailesi.

"Ndiye uzindiwerengera iweyo," anatero.

Chikondi chathu chinamera pamenepo. Lamlungu masana akatseka shopu, tinkakhala pa kabenchi kake, laputopu ili pa katoni ya matchaja. Iye maso pa malupanga, ine ndikuwerenga mokweza, kwinaku ndikusintha mawu, apa a nkhalamba, apa a mwana. Ndikatsalira m'mbuyo ankaimitsa kanema n'kundidikira. Anzanga, chibadwire changa panalibe amene anandidikirapo. Ankati kwa iye Wachipsera amalankhula ndi mawu anga.

Lamulo lathu linali limodzi: palibe wowonera episode yotsatira payekha. Ku saluni kumene ndimaluka tsitsi manja ankandiyabwa mlungu wonse, koma ndinkapirira.

Nambalawani ankatiseka. Ankati kanema ndi wowonera, osati wowerenga ngati mayeso. Iye anali ndi season yonse ya dub pa flash. Tsiku lina foni yake inasiya kutchaja, ndipo amene anamulondolera kushopu kuja ndine ndemwe, ndi chala changa chomwechi.

Lamlungu lina tinafika pa episode yomaliza. Wamoto ndi Wachipsera anali atagwirizana, ataima pamlatho, akuseka limodzi koyamba. Ine ndinkawerenga mtima uli m'malo. Kenako Magalasi anapisa m'thumba n'kundiikira hanki pamwendo.

Ndinadabwa, chifukwa panalibe choliritsa. Posakhalitsa mkondo unatulukira kumbuyo, Wachipsera n'kudziponya kutsogolo kwa mnzake.

Ndinaimitsa kanema. Ndinayang'ana hanki ija, ndinayang'ana iye.

"Wadziwa bwanji?"

Anati anangoganizira, ma anime amatero. Ndinafuna kumukhulupirira, ndinayatsanso. Wachipsera ali thapsa pansi, ndipo subtitle inati, "Pita, usacheuke." Ndisanatsegule pakamwa, ndinamva Magalasi akunong'ona yekha, maso ali tong'o pa kanema: "Lero lokha ndafika ine poyamba."

Mawu amenewo pa laputopu panalibe. Koma ndinali nditawamvapo. Ndi a mu dub, ndipo Nambalawani anakhala akuwabwereza kuchipinda kwathu mlungu wonse akusita zovala, ine osadziwa kuti akuchokera kuti.

Magalasi sanakane nthawi yaitali. Anati zinayamba tsiku la foni ya Nambalawani lija, episode imodzi podikira kuti itchaje. Kenako msuweni wangayo ankabwera akaweruka. Ndinamufunsa ngati zinathera pa kanema. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndipo ndinamva yankho langa.

Chimene chinandipha si chimenecho. Ndinamufunsa kuti ndinalakwa chiyani.

"Sunalakwe. Kungoti ndi iyeyo sitiimaima. Sipafunika kudikira munthu."

Anzanga, kudikira kuja, kumene ine ndinkakuyesa chikondi, kwa iye kunali kuchedwa. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe. Ndinalira pomwepo, koma hanki yake sindinaigwire. Ndinapukuta ndi dzanja.

Kunyumba ndinapeza Nambalawani akupaka zikhadabo. Atangondiona nkhope anadziwa. Anati pepa, sanachite kukonza, zinangochitika. Ndipo ndikhulupirira, chifukwa kwa iye zinthu zimangochitika choncho. Azakhali, akazi a amalume, anati tisadanirane mwamuna, magazi ndi magazi. Kwa amalume sindinanene kanthu, ndi amene anandilera.

Wachipsera ngakhale anafa, anafikako poyamba kamodzi. Ine ndinafika poyamba ndithu, koma ndinathera malo anga akale.

Season yatsopano inatuluka. Ndimaiwonera ndekha pabedi panga, ya ma subtitle. Nthawi zina ndimangozindikira ndikuwerenga mokweza, ndikusintha mawu, ndipo ndikatsalira ndimakhala kaye chete kudikira kuti wina aimitse. Kanema amangopitirira. Pabedi linalo Nambalawani amakhala atavala ma earphone, akusekerera foni yake, yomwe masiku ano imatchaja bwinobwino.