Ulendo wa ku Thyolo Kukatseka Foni ya Amake Yohane

Ndinanyamuka ku Chilomoni Lamulungu m'mamawa mvula ikuwaza, ndipo pofika pa depoti ya Limbe nsapato zanga zinali zitamwa kale madzi. Kondakitala wa minibasi ya ku Thyolo anandilumbirira kuti kwangotsala munthu mmodzi. Tinadikira pafupifupi ola lathunthu, ndipo "munthu mmodzi" uja analowa kasanu ndi kawiri. Mtengo unali K4,000. Nditati ndidandaule, anandiuza kuti ndikadandaule kwa ogulitsa mafuta.

Ndinene kaye chimene chinandidzutsa. Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndipo ndikapeza mpata ndimathandiza kumasulira m'Chichewa pulogalamu ina ya pafoni yotumizirana mauthenga. Pulogalamuyi ilibe kampani yoidyerera. Amailemba ndi anthu ongodzipereka, aliyense ali ndi ufulu woona mmene inalembedwera, ndipo uthenga ukachoka pafoni yako palibe angaumve panjira kupatula amene wamutumizira. Vuto lake n'lakuti anailemba ndi anthu ophunzira poganizira ophunzira anzawo.

Anandiitana ndi msuweni wanga Esinati, namwino pachipatala china cha mishoni. Anandiuza za mayi wina wothyola tiyi pa esiteti, amake Yohane. Kapitawo wawo anali atawauza kuti akapanda kugona naye, mwezi ukatha dzina lawo lichoka pamndandanda wa ntchito. Ku Blantyre kunali loya wina wamkazi amene anavomera kuwathandiza, koma ankafuna kumva nkhaniyo kuchokera pakamwa pawo ndi kumalankhula nawo pafupipafupi. Foni anali nayo, koma kwawo kulibe magetsi, ndiye amakaisiya pagolosale kuti itchajidwe. Mwini golosaleyo ndi mlamu wake wa kapitawo, ndipo amatsegula mafoni a anthu, akuti kuwaikira nyimbo. Mayi wina anatumizapo uthenga wodandaula kwa mchemwali wake pafoni, ndipo sabata isanathe kapitawo anali kubwereza mawu ake omwewo pasikelo yoyezera tiyi anthu akumva. Ntchito ya mayiyo inathera pomwepo.

Pa Bvumbwe minibasi inaima ndipo kabichi ndi tomato zinalowera pamawindo tisanaziitane. Ndinagula chimanga chootcha cha K500. Bambo wina wa jekete amene ndinakhala naye atamva kuti ndine wa makompyuta, anangondiponyera foni pamiyendo.

"Mwana wanga, tandionereni, ikumazima yokha. Nambala yotsegulira ndi wani, thuu, fili, folo."

"Bambo, nambala yachinsinsi imeneyo! Mwauza minibasi yonse."

"Nanga muno muli wakuba?" anafunsa akutembenuka, anthu n'kufa nako kuseka.

Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinkadziyamikira. Zimenezi ndinali nditaziganizira kale. Kwathu kuno munthu wamkulu akakufunsa nambala, kumukana kumaoneka mwano, ndiye umangonena. N'chifukwa chake ndinakonza zoti pulogalamu ya amake Yohane isamatsegulidwe ndi nambala koma ndi chidindo cha chala. Chala sungachisiye pagolosale. Ndinadziona wochenjera zedi.

Titadutsa Bvumbwe minda ya tiyi inayamba, mapiri onse obiriwira, osalala ngati awametera tsiku limodzi. Pa Thyolo boma ndinatsika cha m'ma hafu teni n'kukwera njinga yamoto ya kabaza pa K3,000. Tinatsata msewu wa ku Masambanjati, kenako tinakhotera m'kamsewu ka matope ofiira kodutsa pakati pa tiyi. Wakabazayo anali wa nkhani. Nditamufotokozera za pulogalamu yathu, anafunsa mtengo wake.

"Ndi yaulere," ndinatero.

"Aaa, asisi, zaulerezo ndi zija zimamaliza bandulo usanapereke ndi moni womwe."

Ndisanamuyankhe, tayala lakumbuyo linaterereka ndipo ndinapezeka ndaponda m'chithaphwi mpaka mu akakolo. Iye anangoti, "Pamenepo ndiye mwafika ku Thyolo."

Kwa Esinati ndinafika masana, ndikunjenjemera ndi kuzizira. Ndinapempha kapu ya tiyi. Iye anandiyang'ana ngati ndatukwana. Ndinali nditaiwala kuti Esinati ndi wa mpingo wa Sabata, ndipo a Sabata enieni samwa tiyi. Tiyi kumaso, tiyi kumbuyo, tiyi mpaka pakhomo, koma ine kundipatsa madzi otentha a mandimu! Anandiikiranso mbale ya nyemba za kalongonda ndi chinangwa chophika, ndipo mkwiyo unatha.

Amake Yohane anali atafika kale, atayenda maola awiri wapansi. Anali mayi wochepa thupi, wa zaka ngati makumi anayi, atakhala pamkeka pakona, foni atayikulunga m'kapulasitiki ka shuga. Anandipatsa moni atagwada, ine mwana kwa iwo, ndipo zinandipweteka mtima.

Ndinaika pulogalamu ija. Ndinawaonetsa kuti zolemba zonse azisiye, chawo ndi kabatani kamodzi kokha: kudina, kulankhula, kusiya. Anayesa kamodzi n'kutha. Kenako tinafika pa nzeru zanga zija.

"Mayi, ikani chala chachikulu apa."

Anaika. Foni inakana. Anaikanso, inakananso. Tinayesa chamkombaphala, tinayesa dzanja lamanzere, osatheka. Ine ndikapanikizika pakamwa pamathamanga.

"Tapukutani zalazo, mayi, zili ndi dothi."

Anazipukuta pachitenje mwakachetechete. Kenako anatambasula manja onse awiri kuti ndione.

"Si dothi, achemwali. Ndasamba ndi sopo pobwera kuno. Ndi tiyi ameneyu."

Ndinayang'ana. Nsonga za zala zinali zakuda, zolimba ngati chikopa, zodzaza ming'alu. Timizere tija timene foni imawerenga tinali titafufutika. Zaka khumi ndi zisanu akubudula nsonga za tiyi ndi manja onse awiri, m'mame ndi m'mvula, kuyambira m'mawa mpaka dengu litadzaza kangapo. Nkhope yanga inagwa. Ine wobwera kudzathandiza, ndinali nditanyoza mayi amene wasamba ndi sopo chifukwa cha ine. Ndinapepesa.

"Ndiye tingoika nambala," anatero Esinati.

Amake Yohane anapukusa mutu. "Akandifunsa wa pagolosale uja ndidzanena. Ndikudzidziwa ine. Akangoti, 'Mukubisa chiyani, mayi?' ndidzanena."

Mvula inkamveka pamalata. Ndinayamba kufufuza pafoni yanga ngati anzanga olemba pulogalamuyi ananenapo kanthu za zala zotere. Panalibe. Onse ndi anthu a zala zosalala ngati zanga. Ndinapsa mtima, kupsera iwo, kupsera foni, makamaka kudzipsera ndekha. Mwezi unali utatsala ndi masiku asanu ndi anayi kuti uthe.

Amake Yohane ankayang'anabe manja awo, kuwatembenuza uku ndi uku. Kenako anaimika kachala kakang'ono ka kudzanja lamanja.

"Nanga aka? Aka n'kaulesi, sikathyola tiyi. Kamangoperekeza anzake."

Tinakayesa. Foni inanjenjemera pang'ono n'kuvomera. Mayo ine! Esinati anaimba nthungululu ngati pa ukwati, ndipo amake Yohane anaseka koyamba chifikireni ine, atatseka pakamwa ndi dzanja. Anatseka ndi kutsegula pulogalamuyo kasanu. Anandipatsa kuti ndiyese ndi chala changa, inakana. Anapatsa Esinati, inakananso. Nkhope yawo inasintha ndikuona.

"Ndiye kuti ngakhale aitsegule foniyi aikemo nyimbo zawo, umu sangalowe?"

"Sangalowe, mayi."

"Nanga ntchito yanga ikhalapo?"

Apo sindinafune kunama. Ndinawauza kuti pulogalamu singaletse kapitawo kuchita zoipa. Chimene ingathe ndi kufikitsa mawu awo kwa loya popanda wina kuwatola panjira. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

Ndinawapempha kuti alankhule uthengawo pomwepo ine ndilipo, kuti pakavuta ndithandize. Anakana mwaulemu. Anati nkhani imeneyi sangainene pamaso pa anthu, ngakhale ife. Akainena ali okha panjira, pachitunda china pamene netiweki imagwira bwino. Tinapangana kuti zikatheka andidziwitse, ndipo ine ndikamva uthenga wawowo ndiufufute. Anakulunganso foni m'kapulasitiki kaja, naipisa m'chitenje, nanyamuka mvula isanakate.

Wakabaza yemwe uja anadzanditenga cha m'ma fili koloko. Anakanditula pa Thyolo boma. Mu minibasi yobwerera ku Limbe ndinakhala pawindo, foni ili m'manja, ndikuyang'ana minda ija. M'mawa ndinkangoona kubiriwira. Tsopano ndinkaganiza za manja amene amaisalaza chonchija. Ndakhala zaka zitatu ndikusankha mawu abwino a Chichewa oika m'pulogalamuyi, koma sindinayambe ndapemphapo munthu kuti andionetse zala zake. Ndinalemba kakalata kwa anzanga aja kuti pamene pulogalamu imati "ikani chala" tiwonjezere chithunzi ndi mawu akuti chala chilichonse chimene chingavomere, ngakhale chaching'ono.

Tinasiya Thyolo boma kutali m'mbuyo, foni ili chete. Mantha anandigwira. Mwina alephera kudina, mwina akumana ndi munthu panjira, mwina mtima wabwerera. Ndinali ndani ine woti ndiwaimbe mlandu, amene Lolemba ndikakhala pampando wofewa mu ofesi?

Tikulowa pa Bvumbwe, foni inalira. Ndinaigunditsa kukhutu kuti wapafupi asamve. Kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka mphepo.

"Achemwali, ndine amake Yohane. Ndatumiza. Ndanena zonse, ndipo dzina la kapitawo uja ndalitchula lonse, ndi la bambo ake lomwe. Mawa ndilawirira kumunda ngati masiku onse, ndipo pasikelo ndikamupatsa moni."

Ndinaumvetsera kawiri, misozi ikulengeza, kenako ndinaufufuta monga tinapanganira.