Ndere ya M'galasi la Amayi

Bokosi lagalasi lija linali ndi mng'alu pakona imodzi, womatidwa ndi phula lakuda. Linafika kwathu ku Dwambazi panjinga ya amalume, litakulungidwa m'bulangete. Amalume ankaphika kunyumba ya bwana wina ku Dwangwa, ndipo bwanayo posamuka anawasiyira bokosilo ndi tinsomba tinayi tamawangamawanga. Kwathu kunalibe magetsi oyendetsera kamakina kopopera mpweya m'madzi, choncho sabata isanathe tinsomba tonse tinayandama chagada. Inatsala ndere yokha, itakakamira pamwala. Sinali ndere yoterera ija ya padooko. Iyi inali ndi timasamba ting'onoting'ono ngati nthenga za mwanapiye, ndipo ukagwedeza madzi inkaweyula pang'onopang'ono.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mwezi umodzi m'mbuyomo, amayi anapita kuchipatala ali ndi pakati, n'kubwerako chimanjamanja. Ine anangondiuza kuti mwana wabwerera. Bambo anali ku Joni. Kuyambira pamenepo amayi ankangokhala pamphasa, maso kukhoma, phala n'kumazizira pambali pawo.

Amalume anafuna kukhuthula madziwo kuti m'bokosimo tizisungiramo mpunga.

"Isiyeni, achimwene," anatero amayi. Tonse tinatembenuka, chifukwa panali patapita masiku osamva mawu awo.

Chilimwe chonsecho ntchito ya amayi inali yosamalira ndereyo. Pakapita masiku atatu ankandituma kumtsinje ndi ndowa. Madzi a pamjigo anawakana, amati ndi amchere. A kumtsinjewo ankawasiya kaye kuti matope akhale pansi, kenako n'kutunga makapu ochepa m'bokosimo, n'kuthiramo atsopano motsetsereka ndi galasi kuti asavundule. Nsonga zofiirira ankazidula ndi lezala. Tizidutswa tothothoka ankatimangirira pamwala ndi ulusi woyera, umene ankamasula ku kachipewa kamene analukira mwana uja. Masana, malata akayamba kulira ndi kutentha, ankakulunga bokosilo ndi chitenje chonyowa. Manja awo ankamveka fungo la dothi la mumtsinje.

Pamjigo azimayi ankanong'onezana kuti mutu wa amayi sukuyenda bwino. Ndinkachita manyazi, ndipo ndinkapita kukatunga iwo atabalalika. Lero manyazi anga ali pa zimenezo.

Tsiku lina aphunzitsi anatiuza kuti chomera chilichonse chimafuna dzuwa. Ndinaganiza kuti ndapeza chimene amayi sankachidziwa, popeza bokosi lawo linkakhala pakona yamdima. Loweruka, amalume atawatenga kupita nawo kuchipatala, ndinavuula mwala uja, n'kuuika m'beseni la madzi pakati pa bwalo. Ndinkafuna akabwera apeze ndere itakula. Anzanga anandiitana kufulaye, ndipo ndinaiwala.

Pobwerera ndinapeza amayi atagwada pabeseni. Madzi anali otentha ngati osamba, ndere itasanduka yofiirira ngati fodya. Ndinayembekezera chikoti. Amayi sanandiyang'ane n'komwe. Anapatula kanthambi kamodzikamodzi mpaka anapeza kachidutswa kobiriwira, kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Anakamangirira pamwala, n'kukabwezera m'bokosi.

Milungu itatu kachidutswako sikanasinthe. Amayi ankasinthabe madzi, koma phala linayambanso kuzizira. Amalume ndinawamva akuuza mkazi wawo kuti mlongo wawoyo akapitiriza choncho, Khirisimasi saiona. Ndinadziwa kuti akamwalira, ndawapha ndine.

Mvula yoyamba itagwa, m'mawa wina amayi anandiitana. "Tabwera, taona." Pakachidutswa paja panatuluka tinsonga titatu, tobiriwira mowala ngati mbande za mpunga. Ndisanayankhe, amayi anayamba kulira. Sikunali kulira kwa misozi yokha ayi. Anabuma mokweza, atagwira m'mimba, mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Ndinali ndisanawamvepo akulira choncho.

Ndinagwada. "Pepani amayi, sindidzachitanso."

"Si iwe, mwanawe," anatero, n'kundikokera pachifuwa pawo. Tinakhala choncho nthawi yaitali. Madzulo ake anadya, ndipo sabata yotsatira anatenga khasu kupita kudambo kukalima mpunga.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirirabe kuti analirira beseni langa lija. Sindinkadziwa kuti mwana amene wabadwa osalira, kwathu saliridwa. Kuti amamuika azimayi okhaokha, popanda nyimbo, mayi wake n'kuuzidwa kuti alimbe mtima adzabereka wina. Amayi anasenza maliro amenewo miyezi itatu ali chete, ine ndikugona pambali pawo, osadziwa kuti ndinali ndi mlongo wanga.